HDPE ya 160 mm pa mzere wa madzi ozimitsira moto: paipi yabwino, koma si ya mmisiri aliyense

Mukapempha kotesheni ya mapaipi okwirira pansi odyetsa ma hydrant (mipopi imene ozimitsa moto amalumikizapo mapaipi awo) pa shedi ya katundu, kaya ku Kanengo, ku Makata kapena ku Limbe, mayina awiri ndiwo amabwerabwera: HDPE, pulasitiki yakuda ija ya giredi ya PE100, ndi uPVC, pulasitiki youma ya buluu yolumikiza ndi mphira. Onse awiri sachita dzimbiri, ndi opepuka kuposa chitsulo, ndipo m'kati mwake ndi mosalala moti powerengera mphamvu imene madzi amataya panjira, mainjiniya amawapatsa nambala ya Hazen-Williams ya 150 pomwe chitsulo wamba chimapatsidwa 120. Pa awiriwa, ife tikusankha HDPE ya PE100 SDR 11. Chifukwa chake n'chimodzi chachikulu: ikawotchereredwa bwino, mzere wonse umasanduka paipi imodzi yopanda pozuka. Koma mawu akuti "bwino" amenewo ndiye pagona nkhani, ndipo ngati palibe mmisiri wodziwa kuwotcherera pulasitiki, uPVC ya Class 16 (yopirira puresha ya 16 bar) ikutumikirani mokhulupirika kuposa HDPE yolumikizidwa mwachisawawa.

Yambani n'kuwerenga zolembedwa pa paipi yeniyeniyo, osati pa invoisi. Paipi yolongosoka imakhala ndi dzina la fakitale, mawu akuti PE100, nambala ya SDR ndi PN (puresha imene paipi imapirira, yoyezedwa mu bar), kukula ndi kuchindikala kwake, tsiku limene inapangidwa, komanso muyezo umene ikutsata, monga ISO 4427 kapena EN 12201. Ya uPVC yochokera ku South Africa imalembedwa SANS 966. SDR ndi kukula kwa kunja kwa paipi kugawa ndi kuchindikala kwa khoma lake, choncho nambala ikachepa ndiye kuti khoma ndi lonenepa. Pa PE100, SDR 17 ndi PN10, SDR 13.6 ndi PN12.5, SDR 11 ndi PN16. Paipi yopanda zilembo, kapena imene mukaidula m'kati mukuoneka timabowo ndi timadontho totuwa, nthawi zambiri ndi ya pulasitiki yosungunulanso. Imeneyo kathirireni kudimba. Mzere wofiira m'mbali mwa paipi umathandiza kuti wokumba mtsogolo adziwe kuti ndi ya moto, koma mzerewo pawokha si umboni wa chilichonse. Ngati a inshuwalansi yanu akufuna paipi yovomerezeka ndi FM Approvals, bungwe la ku America loyesa zipangizo zotetezera ku moto, pemphani satifiketi ya FM 1613 pa HDPE kapena FM 1612 pa PVC, ndipo muiwerenge, chifukwa puresha imene FM imavomereza imatha kukhala yotsika kuposa PN yolembedwa pa paipi.

Ogulitsa ena amakankhira PN10 chifukwa ndi yotsika mtengo, n'kumati pampu yanu ndi ya 10 bar basi. Musalole. Muyezo wa ku America wa mapampu a moto, NFPA 20, umalola pampu yozimitsira moto kukwera mpaka 140 peresenti ya puresha yake pamene ikuzungulira ma valavu onse ali otseka, kutanthauza kuti pampu ya 10 bar ikhoza kufika 14 bar. Onjezani kugunda kwa madzi munthu akatseka hydrant mwaphuma. Ndiye palinso kutentha. PN imayezedwa pa 20°C. Madzi akafika 30°C, PN16 imatsala pansi pang'ono pa 14 bar, ndipo pa 40°C sifika 12 bar. Kwa omanga ku Nchalo, ku Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, kumene thanki yachitsulo imakhala padzuwa tsiku lonse, nkhani imeneyi si yongokometsera.

Msampha waukulu pa HDPE ndi saizi. Nambala imene mumaitanitsa ndi ya kunja. Paipi ya 160 mm SDR 11 ili ndi khoma la 14.6 mm, choncho m'kati mumatsala pafupifupi 131 mm. Ya 110 mm ili ndi khoma la 10 mm, m'kati 90 mm. NFPA 24, muyezo wa ku America umene mainjiniya ambiri amatsata pa mizere yotere, imafuna kuti paipi yodyetsa hydrant isachepere 150 mm. Ngati pulani yalemba 150 mm ya m'kati, HDPE yoyandikira ndi ya 180 mm, imene m'kati mwake ndi 147 mm. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma tayesani ndi malita 1,900 pa mphindi. Mu paipi ya 110 mm madzi amathamanga mamita 5 pa sekondi n'kutaya pafupifupi 2 bar pa mamita 100 aliwonse. Mu ya 160 mm amataya cha m'ma 0.33 bar, ndipo mu ya 180 mm sataya ngakhale 0.2 bar. Mzere wa mamita 300 wa 110 mm umadya 6 bar madzi asanafike pa hydrant yomaliza, ndipo ozimitsa moto adzapeza madzi akutuluka ngati a pampopi wa kukhitchini. Apa uPVC ili ndi mwayi wake: Class 16 ya 160 mm ili ndi khoma la pafupifupi 9.5 mm, m'kati 141 mm, ndiye pa saizi imodzimodzi imanyamula madzi ochulukirapo.

Tsopano polumikizira, pamene ndalama zanu zimapulumukira kapena kumira.

Njira yoyamba ndi butt fusion. Mapeto a mapaipi awiri amamangidwa m'makina, amapalidwa ndi chopalira chozungulira mpaka zipalo zizituluka zazitali mosaduka, kenako amakanikizidwa pa mbale yotentha pafupifupi 220°C. Pa tebulo la muyezo wa ku Germany wa DVS 2207 limene makina ambiri amabwera nalo, nthawi yotenthetsa ndi pafupifupi masekondi 10 pa milimita iliyonse ya khoma, ndiye pa 14.6 mm ndi mphindi ziwiri ndi theka. Kuchotsa mbale n'kugunditsa mapaipi kusapitirire masekondi 8 kapena 9. Akakumana, azizire ali m'makina, puresha isanachotsedwe, kwa mphindi pafupifupi 20. Apa ndi pamene amisiri othamangira kumaliza amaba nthawi. Wina amathira madzi kuti pazizire msanga, wina amamasula makina pakangotha mphindi zisanu n'kukoka paipi. Kunja pamaoneka bwinobwino, koma m'kati pulasitiki sinagwirane, ndipo pamadzathyoka ngati bisiketi tsiku limene pampu idzagunde.

Joini yabwino imadziwika ndi milomo iwiri yofanana, yopindikira kunja, yozungulira paipi yonse popanda pochepa. Mlomo umodzi ukakula kuposa unzake, ndiye kuti mbali imodzi inatentha kwambiri kapena mapaipi ndi a mitundu yosiyana. Milomo yopyapyala yosongoka imaonetsa kuti puresha inachuluka, pulasitiki yosungunuka yonse inafinyidwira kunja. Mapaipi asasemphane kuposa gawo limodzi mwa magawo 10 a khoma, pafupifupi 1.5 mm pa paipi yathuyi. Chinanso chimene ambiri amaiwala ndi mphamvu yokokera paipi: musanawotchere joini iliyonse, yezani puresha imene makina akufuna kuti angosuntha paipi, muiphatikize pa ya m'tebulo, ndipo ikani paipi pa ma roller kuti isamakwekwereke pansi. Tsekani mapeto ena a paipi ndi chivindikiro, apo ayi mphepo imadutsa m'kati n'kuziziritsa mbale. M'miyezi ya fumbi, Ogasiti mpaka Okutobala, kuwotcherera popanda tenti n'kungotaya ndalama, chifukwa fumbi lochepa lomwe limakwanira kulepheretsa joini.

Njira yachiwiri ndi electrofusion, soketi yokhala ndi waya m'kati imene makina amaitenthetsa ndi magetsi a pafupifupi 40 V. Ndi yothandiza m'ngalande mothithikana ndiponso pokonza, koma soketi zake ndi zodula, ndipo pano mpamene zolakwa zimachuluka. Khungu la kunja la paipi limakhala litapsa ndi mpweya ndi dzuwa, ndiye liyenera kupalidwa pafupifupi 0.2 mpaka 0.3 mm ndi chopalira chake, kuzungulira paipi yonse, kupitirira pang'ono pamene soketi ithere. Sandipepala sagwira ntchito imeneyi, amangokanda n'kusiya litsiro. Mukapala, pukutani ndi isopropyl alcohol ndi nsalu yosathothoka, osati petulo kapena sopo, ndipo musagwirepo ndi manja. Lembani chizindikiro cha pamene paipi ikuyenera kufika, ilowe mpaka pakati, imangidwe ndi ma clamp kuti isagwedezeke mpaka nthawi yozizira yolembedwa pa soketi itakwana. Paipi yosalowa mokwanira imasiya waya pamtunda ndipo pulasitiki imasefukira m'kati. Timapini tiwiri timene timatuluka pa soketi timangosonyeza kuti munatentha. Sititsimikiza kuti pagwira. Magetsi akathima kapena jenereta ikatsamwa ntchito ili m'kati, njira yosapereka nkhawa n'kudula soketiyo n'kuika ina. Ndiye jenereta ikhale yamphamvu monga mwalembedwa pa makina, yodzaza mafuta, ndipo pa nthawiyo pasalumikizidwenso grinder kapena china chilichonse.

Musanapereke kontirakiti, pemphani mmisiri awotchere joini imodzi inu mukuona, aidule timizere m'litali, mutipinde pa vaisi. Joini yabwino imapindika n'kutambasuka, yoipa imapatukana pamzere penipeni, posalala ngati podula ndi lezala. Makina amakono amasunga mbiri ya joini iliyonse. Lembani mu kontirakiti kuti mbiriyo ndi yanu, ndipo joini iliyonse ilembedwe nambala ndi penti.

Pa uPVC ntchito ndi yosavuta kuphunzira. Mapaipi amabwera a mamita 6, mapeto ake osongoledwa pafupifupi madigiri 15. Mumapukuta mphira ndi mpando wake, kupaka mafuta ake olumikizira, osati girisi kapena oilo amene amadya mphira, n'kukankha ndi mgwala pa thabwa mpaka pa chizindikiro. Osakankha ndi ndowa ya excavator, osapyoza chizindikiro, chifukwa paipi imafuna kampata kofutukukira ndipo ikalowa mopitirira imang'amba soketi ya inzake. Ulimbo wa PVC usaufikitse pa saizi zotere. Vuto la uPVC ndi loti joini zake sizigwira paipi kuti isazuke, mphira umangotseka madzi. Tawerengani mphamvu yake: pa 13.8 bar, chitseko cha kumapeto kwa paipi ya 160 mm chimakankhidwa ndi pafupifupi matani 2.8, ndipo bendi ya madigiri 90 imakankhidwa ndi matani 4. Choncho pa bendi iliyonse, pa T, pa reducer, pa valavu ndi pamapeto pamafunika buloko ya konkire. M'dothi lotha kunyamula 100 kPa, bendi imeneyi imafuna buloko ya nkhope pafupifupi 0.6 sikweya mita, ndipo m'dothi lofewa la kudambo iyenera kukula kawiri. Konkire itsamire dothi losakumbidwa, pakati pa iyo ndi bendi payalidwe pepala la pulasitiki, isakwirire mabawuti kapena joini, ndipo ipatsidwe masiku 7 musanayese mzere. Zaka zikapita, munthu wina akadzakumba ngalande ya kebulo kuseri kwa bulokoyo, bendi idzazuka yokha. Ichi ndicho chimatichititsa kuika uPVC pachiwiri. Imathekanso msanga ikamenyedwa ndi piki kapena ikagona pa mwala, ndipo mng'alu wake umathamanga m'litali mwa paipi.

HDPE yowotcherera sifuna mabuloko pa mabendi, ndipo makona ena imakhota yokha, bola kupindako kusathine kuposa kukula kwa paipi kuchulukitsa ka 25, ndiye kuti mamita 4 pa 160 mm. M'makande amene amatupa nthawi ya dzinja n'kung'ambika nthawi ya chilimwe, imayenda pamodzi ndi dothi pomwe uPVC imasegula joini. Koma ili ndi khalidwe lake loyenera kulidziwa. Imatambasuka pafupifupi 0.2 mm pa mita iliyonse kutentha kukakwera digiri imodzi. Mzere wa mamita 100 umene wawothera dzuwa la masana, ukazizira ndi madigiri 20 umafupika pafupifupi masentimita 40. Ndiye igonekeni mokhotakhota pang'ono ngati njoka, mukwirire m'mawa kukadali kozizira, ndipo joini yomaliza yolumikiza ku valavu ipangidwe paipi itazizira. Ikalowa puresha imatupa pang'ono n'kufupika, ndipo imatha kuzula paipi ya mphira imene mwailumikiza nayo. Pamene HDPE ikukumana ndi uPVC kapena ductile iron (chitsulo choumba chosathyoka msanga) ya soketi, pamafunika nangula wa konkire wogwira HDPE yomweyo.

Pulasitiki ya mtundu uliwonse isatulukire pamtunda. Mzere wozimitsira moto umene ungasungunuke ndi moto womwewo ulibe phindu. Sinthani kupita ku ductile iron kapena chitsulo chotetezedwa ku dzimbiri paipi ikadali pansi, isanakwere kulowa m'nyumba, m'chipinda cha pampu kapena ku hydrant. Pa HDPE amagwiritsa ntchito flange, cholumikizira cha mabawuti: stub end, mlomo wa pulasitiki wowotcherera kumapeto kwa paipi, ndi backing ring, mphete yachitsulo yolowa mabawuti. Mabawuti amangidwe mopingasa ngati a tayala la galimoto, pang'onopang'ono maulendo atatu ndi torque wrench, ndipo m'mawa mwake abwerezedwe chifukwa pulasitiki imafwefweta ikapanikizidwa. Ma flange ambiri odontha ndi amene sanabwerezedwe. Onaninso kuti mabowo a flange ndi a muyezo umodzi ndi a valavu, popeza katundu wochokera ku South Africa, ku India ndi ku Ulaya safanana nthawi zonse. Valavu ndi hydrant zikhale pa konkire yawoyawo, kulemera kwake ndi mphamvu ya munthu wopotokola zisagwere pa paipi. Pakamwa pa hydrant, kafunseni a ozimitsa moto a khonsolo yanu kuti mapaipi awo amamanga pa mtundu uti musanaitanitse.

Pali malo amene mapaipi onse awiri tingawakane: pa filling station, pa depoti ya mafuta, ndi pamene dothi lamwa dizilo kapena thinner. Mankhwala oterewa amalowa mu HDPE moti siwotcherekanso, ndipo ena amafewetsa PVC ndi mphira wake. Pamenepo ndi pa ductile iron. Pansi pa nyumba paipi isayende kupitirira mamita 3, ingolowa n'kukwera. Ma hydrant atalikire khoma ndi mamita 12 ngati malo alipo, kuti khoma likagwa lisawakwirire.

Ngalande ya paipi ya 160 mm ikhale yotambalala masentimita 70 kapena 80 kuti munthu athe kutsendera m'mbali. Kuno kulibe chisanu choumitsa madzi pansi, ndiye kuya kwake n'kotetezera paipi ku magalimoto: NFPA 24 imafuna dothi losachepera 0.8 mita pamwamba pa paipi, 0.9 mita pansi pa msewu, ndi 1.2 mita pansi pa njanji. Pomwe pamadutsa malole odzaza fodya kapena feteleza, mita yathunthu si kuwononga. Pansi yalani mchenga wa kumtsinje masentimita 10 mpaka 15, ndipo pa uPVC kumbani kadzenje pansi pa soketi iliyonse kuti paipi igone ndi mimba yonse, isalenjekeke pa masoketi. Mphamvu ya paipi ya pulasitiki ili m'dothi la m'mbali mwake. Thirani mchenga masentimita 15 nthawi imodzi, muulowetse pansi pa nthiti za paipi, mutsendere ndi manja, mpaka upyole pamwamba masentimita 30. Makina otsendera ayambire pamenepo. Zidutswa za njerwa, miyala ndi zibuma za makande zisayandikire. Pamwamba pa paipi mangirirani waya wokutidwa wotulukira m'mabokosi a valavu, popeza makina ofufuzira sapeza pulasitiki, ndipo masentimita 30 pamwamba pake yalani tepi yochenjeza. Nthawi ya mvula musasiye paipi yopanda madzi m'ngalande yosakwirira: mvula ya usiku umodzi imaiyandamitsa ngati bwato, mchenga n'kulowa pansi pake. Poweruka tsekani mapeto onse, chifukwa achule, mabotolo ndi matumba a simenti zimakathera mu hydrant.

Ngati bajeti ikulola, zungulitsani mzere kuzungulira nyumba m'malo mousiya wa mchira umodzi, n'kuika ma valavu ougawa m'zigawo. Madzi amafika pa hydrant kuchokera mbali ziwiri, ndipo pokonza chigawo chimodzi zina zimakhalabe ndi madzi. Ma valavuwo akhale oonetsa ngati ali otsegula, okhomedwa ndi loko ali chitsegulire.

Kutsuka kuchitike mzere usanalumikizidwe ku ma sprinkler, timipopi ta kudenga towaza madzi moto ukabuka, ndipo kumafuna liwiro la mamita 3 pa sekondi, limene pa paipi ya 150 mm ndi malita pafupifupi 3,300 pa mphindi, mpaka madzi atayera. Hosipaipi ya m'munda singasunthe mwala. Mangani thumba la ziguduli pakamwa potulukira kuti muone zimene zikutuluka.

Poyesa, kwirirani pakati pa mapaipi koma joini zonse zikhale poonekera. Dzazani pang'onopang'ono kuyambira kumunsi, mpweya uzitulukira pa hydrant ya kumtunda. Osayesa ndi kompuresa: madzi akapeza pofooka amangotuluka, koma mpweya wopanikizidwa umaponya chitseko ngati chipolopolo. NFPA 24 imafuna 13.8 bar, kapena 3.4 bar pamwamba pa puresha yogwirira ntchito ngati imeneyo ili yokulirapo, kwa maola 2. Pa HDPE singano ya geji imatsika ngakhale palibe podontha, chifukwa paipi imapitiriza kufutukuka, ndipo zimenezi zimayambanitsa makontilakita ndi mainjiniya pachabe. Njira ya ASTM F2164 imathetsa mkanganowo: sungani puresha yoyesera kwa maola 4 mukuwonjezera madzi, kenako itsitseni ndi 0.7 bar, mutseke, mudikire ola limodzi. Ikapanda kutsika kupitirira 5 peresenti, mzere wakhoza. Ntchito yonse isapitirire maola 8, ndipo ikalephereka, chotsani puresha, paipi ipume maola 8 musanayambirenso. Geji ikhale pamalo otsikitsitsa a mzere, ikhale ndi satifiketi yosonyeza kuti inayezedwa, ndipo yesani m'mawa, chifukwa joini zakuda zikawothera dzuwa la masana paipi imakhala yofooka kuposa mmene PN16 yake ikunenera.